Zithunzi Zojambulidwa Popanda Kamera ndi Phunziro la Kuŵala

M'chilankhulo chathu mau akuti chithunzi, mthunzi ndi chithunzithunzi achokera pa tsinde limodzi. Ana a masiku ano, amene anazoloŵera kuona chithunzi chikutuluka m'foni munthu akangodina, sadziŵa kuti pakati pa mau ameneŵa pali ubale. Koma kuyambira mu Okutobala 2010 kufikira mu Febuluwale 2011, nyumba yosungiramo zaluso ya Victoria and Albert Museum ku London inachita chionetsero chotchedwa Shadow Catchers, ndiko kuti ogwira zithunzithunzi. Amisiri asanu amene anaonetsa ntchito zao kumeneko anajambula zithunzi zonsezo popanda kamera. Tifuna kufotokoza m'mene zimenezi zimachitikira, pakuti tiona kuti zingathandize mphunzitsi amene ali ndi mutu wa kuŵala pa ndondomeko yake koma alibe chipangizo chilichonse m'kabati.

Kamera ndi bokosi chabe losonkhanitsira kuŵala. Chimene chimalemba chithunzi ndi kuŵalako, pamene kwagwera pa chinthu chimene chimasintha mtundu chikaona kuŵala. Tsono tikatenga pepala lopakidwa mankhwala otere, nkuikapo tsamba, nkuliyanika pa dzuŵa, malo onse osaphimbidwa adzasintha, koma pamene panali tsamba padzatsala monga panaliri. Chotsalacho ndi chithunzithunzi cha tsamba chimene chagwidwa pa pepala, ndipo kukula kwake nkofanana ndendende ndi tsamba lenilenilo. Chithunzi chotere amachitcha photogram.

Amisiri a pa chionetsero chija anaitengera patali nzeru imeneyi. Floris Neusüss wa ku Germany, kuyambira cha m'ma 1960, ankagoneka anthu athunthu pa mapepala aakulu ojambulira ndi kuŵaŵalitsira nyali, kotero kuti pamene thupi linakhudza pepala malire anaoneka bwino, ndipo pamene linatukuka pang'ono anachita chimbuuzi. Susan Derges ankapita usiku ku mtsinje wa Taw ku Devon, nkumiza pepala m'madzi, nkuthwanimitsa nyali kamodzi pamwamba pake. Mafunde ndi nthambi zolendeŵera pa mtsinjewo zinadzilemba zokha. Adam Fuss, m'chithunzi chake cha 1992 chotchedwa Invocation, anagoneka khanda pa pepala limene linali m'madzi osaya, ndipo tiona thupi la mwanayo pamodzi ndi mizere ya madzi imene anaivundula pophiriphitha. Garry Fabian Miller anadutsitsa kuŵala m'ziŵiya zagalasi zokhala ndi madzi kapena mafuta. Wachisanu, Pierre Cordier wa ku Belgium, njira yake imene anaiyamba mu 1956 inali yopaka phula, vanishi kapena guluu pa pepala ndi kulimiza m'mankhwala otsukira zithunzi mosinthanasinthana. Ntchito ya Cordier njokongola, koma kwa ife aphunzitsi njosathandiza kwenikweni, chifukwa imadalira mankhwala koposa mthunzi.

Tisaganize kuti izi nzachilendo zongobwera dzana. Kujambula zithunzi kunayambira pomwepa. Mu 1802 kunafalitsidwa nkhani ya m'mene Thomas Wedgwood ankagwirira zithunzithunzi za masamba ndi mapiko a tizilombo pa pepala ndi pa chikopa zopakidwa silver nitrate. Vuto lake linali lakuti zithunzizo zinkada zonse zikangotulutsidwa poyera, motero ankaziona pa kandulo mwachangu nkuzibisanso. William Henry Fox Talbot anapitiriza ntchitoyi mu 1834 pogwiritsa ntchito pepala loviikidwa m'madzi a mchere lisanapakidwe siliva. Mu 1842 John Herschel anatulukira njira ya cyanotype, yosakaniza ferric ammonium citrate ndi potassium ferricyanide, imene imapereka chithunzi choyera pa pepala lobiriŵira ngati thambo ndipo imatsukidwa ndi madzi wamba. Chaka chotsatira Anna Atkins anayamba kutulutsa buku la zomera za m'nyanja za ku Britain, ndipo ndilo limadziŵika kuti linali buku loyamba kukhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi kuŵala. Mai ameneyu sanafune zokongoletsa. Anafuna kuti wophunzira za zomera aone mtsitsi uliwonse monga uliri, dzanja la wolemba lisanaonjezepo kapena kuchotsapo kanthu.

Mankhwala a cyanotype sapezeka m'sukulu zathu zambiri, ndipo sitingalangize mphunzitsi kudikira kuti adzabwera. Mwamwai Herschel yemweyo anayesanso madzi ofinyidwa m'maluŵa ndi m'masamba, naona kuti dzuŵa limaŵasuwitsa. Njira imeneyi, yotchedwa anthotype, ndiyo tingaithe, ndipo utoto wabwino koposa tili nao kale pa msika: chikasu.

Titenge sipuni yaing'ono imodzi ya ufa wa chikasu, tiisungunule m'masipuni aakulu atatu kapena anai a spiriti woyera, tisefe pa kansalu. Madzi sasungunula bwino utoto wa chikasu, nchifukwa chake tifuna spiriti. Mphunzitsi asakanize yekha, kutali ndi moto. Tipake utotowo pa pepala lolimba ndi thonje, tiliumitse m'kabati kapena pamalo amdima. Likauma, mwana aikepo tsamba la chinangwa, la papaya, nthenga ya nkhanga, kiyi kapena chipeso, aphimbe ndi galasi kapena pulasitiki woonekera kuti mphepo isasunthe kanthu, nkuyanika pa dzuŵa. M'nyengo ya chilimwe maola atatu kapena anai angakwane. Kukakhala mitambo lingathe tsiku lonse, choncho nkwabwino kuyanika m'maŵa ndi kudzaona poŵeruka. Pochotsa tsambalo tidzapeza kuti pepala lasuwa ponseponse, kupatula pamene panali mthunzi. Tikathirapo pang'onopang'ono madzi a soda wophikira therere, kapena chidulo chomwe, chikasu chotsalacho chidzasanduka chofiirira ndipo chithunzi chidzaoneka bwino lomwe.

Phunziro lenileni liyamba pamene zithunzi zapachikidwa pa khoma. Mphunzitsi asafulumire kufotokoza, afunse. Nchifukwa ninji kiyi wasiya chithunzi chakuda bii, pamene tsamba lanthete lasiya chotumbuluka, mitsempha yake nkumaonekera? Nanga galasi limene linaphimba zonse, bwanji silinasiye kanthu? Apa ana adzasiyanitsa okha zinthu zotsekereza kuŵala konse, zolola kuŵala pang'ono ndi zolola konse, mitundu itatu imene kaŵirikaŵiri timaŵaloŵezetsa pa bolodi osaiona ndi maso. Wina akaika mwala kapena kabotolo, malire a chithunzi chake adzakhala achimbuuzi, chifukwa chinthu chachitali chimaponya mthunzi umene umayenda pamene dzuŵa likupendeka. Nzofanana ndi zimene zinaoneka m'zithunzi za Neusüss: chokhudza pepala chimalembeka bwino, chotalikira chimazimirira.

Pali funso lina limene mwana wochenjera sadzalephera kufunsa: kodi chasuwitsa pepala ndi kuŵala kapena kutentha? Funso limeneli ndi lamtengo wapatali kuposa zithunzi zonse za tsikulo, ndipo mphunzitsi woliyankha ndi pakamwa ŵalanda ana phunziro. M'malo mwake tidule pepala lopakidwa paŵiri, lina tilitsekere m'chitini chovundikira, lina pamwamba pa chitinicho, zonse pa dzuŵa limodzi. M'chitinimo mudzatentha koposa, koma pepala lake lidzatuluka lili lachikasu. Ana a Sitandade 7 kapena 8 angathe kulingalira okha kuyesa kumeneku ngati tiŵapatsa mpata. Kwa a ku sekondale, tingakumbutse kuti tsamba lija timaliphimba mbali imodzi ndi pepala lakuda nkudzaliyesa ndi ayodini nalonso ndi chithunzi chopanda kamera: kuŵala kwalemba ndi sitachi m'malo mwa utoto.

Pa maphunziro a zaluso, ana angaphunzire kusanja masamba pa pepala moganizira malo otsala, pakuti m'chithunzi chotere malo opanda kanthu amaoneka mofanana ndi chinthu chenichenicho.

Chomaliza chofunika kuŵauziratu ana nchakuti chithunzi cha chikasu sichikhalitsa. Soda amachiŵalitsa koma sachiteteza, ndipo chikasiyidwa pa khoma la kalasi chidzasuwa m'masabata ochepa. Ndilo vuto lomwe lija la Wedgwood mu 1802. Motero zithunzi zabwino zisungidwe pakati pa masamba a kope, koma chimodzi chisiyidwe dala pafupi ndi zenera, tsiku lake litalembedwa pansi, kuti kalasi lidzichiyerekeza ndi zosungidwazo Lachisanu lililonse kufikira chitazimirira.