Chithunzi cha mbozi ya m'munda chimatha kufika pa mapu a dziko lonse

Mlangizi wa zaulimi ku Furancungo, m'boma la Macanga, akafuna kudziwa ngati mbozi yomwe ikudya chimanga ndi ntchemberezandonda kapena kapuchi, safunikanso kudikira buku kuchokera ku Tete. Zithunzi ndi mbiri ya tizilombo ndi nyama zimasungidwa pa intaneti m'nkhokwe yotchedwa GBIF, yomwe inakhazikitsidwa mu 2001 ndipo likulu lake lili ku Copenhagen.

Anthu odziwa kulemba mapulogalamu satsegula nkhokweyi tsamba ndi tsamba. Amagwiritsa ntchito "laibulale", yomwe pano si nyumba ya mabuku ayi, koma mpukutu wa malamulo a kompyuta wolembedwa kale ndi ena. Ina mwa izo ndi pygbif, ya m'chilankhulo cha Python. Munthu amangolemba dzina la sayansi, monga Spodoptera frugiperda la ntchemberezandonda, ndi zilembo MZ zoimira Mozambique. Kompyuta imabweretsa malo amene mboziyo inaonedwa, tsiku lake, komanso chithunzi ngati chinajambulidwa.

Chithunzicho n'chimene chimathandiza mlimi. Ntchemberezandonda ili ndi chilembo cha Y chozondoka pamutu, ndi madontho anayi akuda oyalana ngati bokosi kumapeto kwa thupi. Kapuchi alibe zizindikirozi. Mboziyi inachokera ku America, inapezeka koyamba mu Africa mu 2016, ndipo pofika 2017 inali itafika kale m'minda ya kuno kummwera.

Koma laibulale imabweretsa zokhazo zimene wina anaikamo. Zambiri zimachokera m'matauni, m'mbali mwa misewu ikuluikulu ndi m'malo ngati Gorongosa, komwe akatswiri amafikako kawirikawiri. Mapu akaonetsa madontho ochepa ku mapiri a Tsangano, komwe alimi amalima kachewere, tirigu ndi chimanga, sizitanthauza kuti mbozi kulibe. Mwina palibe amene anajambula. Wokonza ndondomeko ya mankhwala akakhulupirira mapu oterewa, mudzi wonse ukhoza kulumphidwa.

Njira imodzi yodzazira mpata umenewu ndi iNaturalist, pulogalamu yaulere ya pafoni. Munthu amajambula mbozi, foni n'kulemba yokha malo ndi tsiku. Anthu ena odziwa akagwirizana pa dzina lake, chithunzicho chikhoza kupita ku GBIF. Netiweki ikavuta, monga zimachitikira kumalire, chithunzi chimadikira m'foni mpaka mwini wake atafika pomwe imagwira.