Mawu Otchulira Zinthu Zosakanizika

Powerenga nkhani, onetsetsani mawu amene mlembi wasankha potchula zinthu zosakanizika. Mumsika wa Limbe mumapeza malaya, masiketi ndi mabulangete zili mulu umodzi. Zimenezi timati kaunjika, kuchokera ku mneni woti "unjika". Zinthu zamitundumitundu zikaphatikizidwa mwadala timati kasakaniza, koma anthu akasokonekera n'kumathamangira uku ndi uku timati chipwirikiti.

Mawu oti kaunjika anatchuka kumsika, pamene a Chingerezi oti "hotchpotch" anachokera kukhitchini, ku dzina la Chifalansa la ndiwo zosiyanasiyana zophikidwa mumphika umodzi.

Choncho mlembi akanena kuti maganizo a mtengambali ndi kaunjika, dziwani kuti akuphiphiritsa. Pamayeso musayankhe kuti munthuyo amagulitsa zovala.