Mnzake wa Wogoletsa Zigoli

Pa bwalo la Chitowe ku Dwangwa, kumene anyamata a ku Nkhunga amakaonerera mpira, chigoli chikaloŵa anthu amafuula dzina la wogoletsa yekha. Komatu kutsogoloko kumakhala anthu aŵiri.

Ntchito ya wachiŵiriyo njofanana ndi ya siginala pa usodzi wa usipa: iye amayatsa nyali kuti nsomba zisonkhane, okoka chilimira nkukhala ena. Akathamangira chakumbali, wotchinga kumbuyo mmodzi amakakamizika kumtsata. Pamenepo pakati pamatseguka, ndipo mnzake uja amalimbana ndi mdani mmodzi m'malo mwa aŵiri. Koma akangoima chilili kudikira mpira, onse amaunjirira wogoletsayo, timu nkubwerako chimanjamanja. Ngakhale mu mpira wa ku America, woponyerana ndi manja, wolandira wachiŵiri amagwira ntchito yomweyi.

Kinnah Phiri anagoletsera Malaŵi zigoli 71, ndipo timu ya dziko lino inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979. Katswiri wotere adani amamlonda kolimba, choncho pamafunika wina wowasokeretsa. Tsoka ilo, mphunzitsi wosankha timu ya sukulu poŵerenga zigoli zokha amamsiya panja mwana wotereyo.