Khadi la APEC: kufufuzidwa kale, kudutsa msanga pa chipata

Pa mabwalo a ndege a ku Singapore, Tokyo kapena Sydney, pambali pa mizere italiitali ya anthu odikira kudinditsa pasipoti, pamakhala kanjira kapadera kolembedwa kuti APEC. Odutsa pamenepo amakhala ndi khadi laling'ono ngati la kubanki, lotchedwa APEC Business Travel Card. Ena amaganiza kuti ndi chiphaso cha mabwana chozembera malamulo, koma mwini khadili amakhala atafufuzidwa kale ndi maboma angapo ulendo usanayambe, ndipo n'chifukwa chake sachedwetsedwa pa chipata.

APEC ndi bungwe la zachuma la maiko a ku Asia ndi ozungulira nyanja ya Pacific, lomwe linakhazikitsidwa mu 1989 ndipo lili ndi mamembala 21. Khadili linayamba kuyesedwa mu 1997 ndi Australia, South Korea ndi Philippines, ndipo lero mamembala 19 akuligwiritsa ntchito mokwanira. Wamalonda amafunsira ku boma la kwawo, lomwe limayamba latsimikiza kuti ndi wabizinesi weniweni komanso wopanda mbiri ya milandu. Kenako pempholo limatumizidwa kwa mamembala ena, ndipo aliyense amaliunika payekha. Dziko likavomera, zilembo zake zitatu, monga AUS kapena JPN, zimalembedwa kuseri kwa khadi. Khadi limagwira ntchito mpaka zaka 5, ndipo pa ulendo uliwonse munthu amaloledwa kukhala masiku 60 kapena 90, malinga ndi dziko.

Izi zikusonyeza kuti mphamvu ya khadi ili ndi malire. Pa kauntala ya imigireshoni, munthu amapereka khadi pamodzi ndi pasipoti, ndipo nambala ya pasipoti iyenera kufanana ndi yomwe ili pa khadi. Wotenga pasipoti yatsopano ayenera kukonzetsa zimenezi asananyamuke. Ngati zilembo za dziko lomwe akupitako palibe, ayenera kutsata malamulo a viza monga wina aliyense. United States ndi Canada amalola eni khadi kudutsa pa kanjira kachangu, koma malamulo awo a viza amagwirabe ntchito. Khadili ndi la misonkhano ndi zokambirana za malonda, osati lokalowera ntchito yolipidwa, ndipo ofesala akaona zokayikitsa ali ndi mphamvu yomubweza munthu.

Alipo odandaula kuti njira imeneyi imafooketsa chitetezo. Komatu ofesala wa pa chipata amaunika munthu kwa mphindi zochepa, anthu ambirimbiri akudikira kumbuyo, pomwe a kulikulu la imigireshoni amafufuza mofatsa ndipo angathe kuchotsa chilolezo pakapezeka vuto. Dandaulo lomveka kwambiri ndi lakuti khadili limakomera amakampani, osati ochita malonda ang'onoang'ono, komanso kuti kudikira yankho la maiko onse kumatha miyezi. Zimenezi n'zoona, koma zikufuna kuti khomo likulitsidwe ndi kuti maofesi afulumire, osati kuti khadi lithetsedwe.

Ku Africa kuno, pangano la African Union la mu 2018 lolola anthu kuyenda momasuka lavomerezedwa ndi maiko ochepa chabe, chifukwa maboma amaopa kutaya ulamuliro pa zipata zawo. APEC yasonyeza kuti dziko lingathe kusunga ufulu wokana mlendo, n'kupeputsabe ulendo wa yemwe lamuvomereza. Maiko a SADC ndi COMESA angathe kuyambira pamenepo, osaiwala amayi a geni odutsa tsiku ndi tsiku pa Mchinji, Dedza ndi Mwanza.