Kupala Tcheni cha Macheka a Injini

Pa maphunziro athu a zida za pamunda, funso limodzi limabwerabwera: kodi n'koyenera kupala tcheni kuti macheka a injini adule mofulumira? Ocheka matabwa ena kuno ku Chadiza amatero, ndipo machekawo amaonekadi ngati alusa.

Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kachitsulo kamene kamalamula kuzama kwa dzinolo mu mtengo. Pa matcheni ambiri kamafupika ndi mamilimita 0.65 okha poyerekeza ndi dzino. Kakapalidwa mopitirira ndi tupa, dzino limaluma mozama kuposa mphamvu ya injini. Pa mtengo wolimba ngati muwanga, macheka amanjenjemera, mwinanso kudumpha n'kubwerera kumaso kwa wocheka, makamaka nsonga ikagunda nthambi. Amene anachotsanso buleki, poti imachedwetsa ntchito, alibe chowatchinjiriza, chikhalirecho chipatala chili kutali ndi thengo.

Ife timanola mano onse mofanana: madigiri 30 podula mopingasa, pafupifupi 10 pocheka matabwa. Kachitsuloko timakayeza tikanola katatu kapena kanayi. Utuchi ukamatuluka wosalala ngati ufa m'malo mwa tizibenthu, mano abuntha. Yambani mwawanola musanakhudze kachitsuloko.