Cizungu m'Giredi 1: nanga ife makolo ticitepo ciani?

Kuyambira mu 2025, ana a ku nasale ndi a Giredi 1 m'masukulu a muno mu Zambia anayamba kuphunzira motsatira ndondomeko yatsopano imene Unduna wa Maphunziro unakonza mu 2023. Zinthu ziwiri m'ndondomeko imeneyi zikukhudza khomo lililonse. Coyamba, mwana ayenera kulowa Giredi 1 ali ndi zaka 6, osati 7 monga kale. Caciwiri, cinenero cophunzitsira tsopano ndi Cizungu kuyambira ku nasale, ngakhale kuti mphunzitsi amaloledwa kufotokoza m'cinenero ca kumaloko pamene ana sanamve, ndipo Cinyanja cikali phunziro la m'kalasi.

Nkhaniyi yabweretsa nkhawa kwa makolo ambiri, makamaka ife a kumidzi. Ena angogwa ulesi, akuti popeza Cizungu sitidziwa, za sukulu tisiyire aphunzitsi. Enanso aganiza kuti njira yothandizira mwana ndiyo kumuletsa Cinyanja, Cinsenga kapena Citumbuka pakhomo ndi kumamulankhula timau tiwiri titatu ta Cizungu timene iwo akudziwa. Njira zonse ziwirizi zimamumana mwana. Cimene mwana wa zaka 4, 5 kapena 6 akufuna kwambiri kucokera pakhomo cili nafe kale, ndipo kholo limene silinapondeko m'kalasi likhoza kucipereka.

Tinadutsamo kale

Aka si koyamba kuti Cizungu cikhale cinenero cophunzitsira ana aang'ono. Dziko litangolandira ufulu, lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cizungu kuyambira Giredi 1, ndipo ambiri a ife tinaphunzira motero. Kafukufuku wa m'ma 1990 anaonetsa kuti ana ambiri a pulaimale sanali kutha kuwerenga bwino, kaya m'Cizungu kaya m'cinenero cao. Ndi cifukwa cake ndondomeko ya 1996 inalola kuti mwana ayambe kuphunzira kuwerenga m'cinenero ca kwao, ndipo kuyambira 2014 maphunziro onse mpaka Giredi 4 anali kuphunzitsidwa m'zinenero za muno. Kuno ku Cigawo ca Kum'mawa ndi ku Lusaka cinali Cinyanja.

Ndondomeko zimasintha, koma mutu wa mwana susintha. Mwana amamva msanga cinthu catsopano akacilumikiza ndi cimene acidziwa kale. Mwana amene amadziwa bwino m'cinenero cake kuti ici ndi cacikulu, ico ndi cacing'ono, ici cili pamwamba, ico cili pansi, ici cinacitika dzulo, ico cidzacitika mawa, akafika m'kalasi amangophunzira dzina latsopano la cinthu cimene acidziwa. Koma mwana amene sanalankhulidwe mokwanira pakhomo ali ndi nchito ziwiri pa nthawi imodzi: kumva cinthuco ndi kumva cinenero cacilendo. Cotero pamene sukulu yatenga Cizungu, udindo wa kukulitsa cinenero ca mwana watsamira kwambiri pa ife.

Amangosewera?

Makolo ena amadandaula kuti mwana akacoka ku nasale, ukamufunsa zimene waphunzira amati tinaimba, tinavina, tinaumba dothi. Ndiye amati kuli bwino akhale pakhomo azilera mng'ono wake kufikira atakula. Tisafulumire kuweruza. M'masewero amenewo mwana amaphunzira kukhala pansi ndi kumvetsera, kudikira nthawi yake, kutsatira malangizo awiri kapena atatu motsatana, kugawana cinthu ndi mnzake ndiponso kupempha cilolezo akafuna kupita kucimbudzi. Kuumba dothi ndi kujambula kumalimbitsa zala kuti zidzagwire pensulo. Nyimbo zimaphunzitsa khutu kusiyanitsa mau. Mwana amene wafika Giredi 1 asanazolowere zimenezi amataya miyezi yoyamba akulira ndi kuyang'ana kukhomo, anzake akupita patsogolo.

Tikumbukirenso kuti kuyambira 2022, pamene boma linacotsa malipiro kuyambira ku nasale mpaka kusekondale, makalasi ambiri adzaza. Boma linalemba nchito aphunzitsi opitirira 30,000 caka comweco, komabe mphunzitsi mmodzi wa Giredi 1 sangathe kukhala pansi ndi mwana aliyense tsiku lililonse ndi kumumvetsera. Ife pakhomo tili ndi mwana mmodzi kapena awiri a msinkhu umenewo. Mphindi zimene mphunzitsi alibe, ife tili nazo.

Khutu liyamba, diso litsata

Mwana asanawerenge ndi maso ayenera kumva ndi makutu kuti mau amapangidwa ndi tizidutswa. Apa Cinyanja cimatithandiza kwambiri, cifukwa cimalembedwa monga mmene cimamvekera. Tili ndi a, e, i, o, u, ndipo ciliconse cimamveka cimodzimodzi paliponse. Mwana akadziwa ma, me, mi, mo, mu ndi ta, te, ti, to, tu, akhoza kale kuwerenga moto, mutu ndi tate. Cizungu sicitero. Liu lakuti one limayamba ndi o koma limamveka ngati layamba ndi w. Mwana amene wazindikira cinsinsi ca kuwerenga m'cinenero cosavuta kulemba saphunziranso cinsinsico kaciwiri. Amangocitenga ndi kupita naco ku Cizungu.

Nchito imeneyi sifuna buku. Popita kudimba kapena kucigayo, funsani mwana kuti achule zinthu zoyamba ndi ma: madzi, maungu, mazira, mango. Mawa mutenge ka, mkuja ci. Ombani naye m'manja pochula mau: nkhu-ku kawiri, ci-ma-nga katatu, ka-ndo-lo katatu. Yambani ndi dzina lake lomwe. Ngati pakhomo pali wodziwa kulemba, alembe cilembo coyamba ca dzinalo pa mcenga, ndipo mwana akacifune pa thumba la feteleza, pa paketi ya mbeu, pa buku la nyimbo kapena pa cikwangwani ca ku kiliniki. Zolembedwa zatizungulira kuposa mmene timaganizira.

Nthano ndi zirapi za madzulo zisathe cifukwa ca foni. Agogo akatha nthano, mwana aifotokoze yekha: cinayamba ndi ciani, kenaka panacitika ciani, inatha bwanji, nanga kalulu anacitiranji zimenezo. Mafunso amenewa ndi omwewo amene mphunzitsi adzafunsa mwana akawerenga nkhani m'buku. Ndipo mwana akafunsa funso, ngakhale tili otopa, timuyankhe. Mwambo wathu umaphunzitsa mwana ulemu, ndipo ndi bwino. Koma mwana amene nthawi zonse amauzidwa kuti khala cete amakakhalanso cete m'kalasi, ngakhale pamene sanamve.

Makolo a ku Petauke ndi Nyimba amene amalankhula Cinsenga, a ku Lundazi a Citumbuka ndi a ku Mambwe a Cikunda asaone ngati cinenero cao cidzasokoneza mwana. Lankhulani naye cinenero cimene inu mumacidziwa bwino koposa, cimene mungasekere naco, kufotokoza naco ndi kufunsa naco mafunso. Ana aang'ono amatha kusunga zinenero ziwiri kapena zitatu popanda vuto.

Masamu ali pankhokwe

Timakondwera mwana akamanena wanu, thu, fili mpaka twente osaphonya. Koma kunena manambala ngati nyimbo ndi kudziwa kuwerenga zinthu ndi nkhani ziwiri. Muyeseni: muuzeni akupatseni zitsononkho zisanu. Ana ambiri otha kuimba mpaka twente amabweretsa zitatu kapena mulu wonse. Cimene mwana ayenera kudziwa ndi cakuti nambala iliyonse imagwera pa cinthu cimodzi, ndipo nambala yomaliza ndiyo ikunena kuculuka kwa zonse.

Mlimi ali ndi zowerenga zambiri kuposa munthu wa m'tauni. Mbuzi polowa m'khola, mazira m'cisa, mizere m'munda, mameda odzaza thini, matumba opita kukagulitsa. Mwana aziloza ndi cala cimodzicimodzi powerenga. Poika mbale, mufunseni kuti tilipo angati ndipo masupuni akwana kapena apelewera. Posankha nyemba, apatule zofiira ndi zoyera, kenaka anene mulu waukulu. Ciyato ndi nsolo ndi masamu enieni: m'ciyato mwana amabweza miyala iwiriiwiri kenaka itatuitatu, m'nsolo amaika mwala umodzi m'dzenje lililonse. Masewerowa si a atsikana okha kapena a madoda okha.

Zala nazo zili ndi sukulu yao. Kuswa nshawa, kutong'ola cimanga, kumanga mabatani a malaya, kuumba ng'ombe za dothi ndi kujambula ndi khala pa cikatoni, zonsezi zimakonzekeretsa dzanja. Mwana amene amagwiritsa nchito dzanja lamanzere musamukakamize kusintha. Adzalemba bwinobwino ndi dzanja lomwelo.

Mimba, makutu ndi masiku

Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osafika zaka zisanu muno mu Zambia anali opinimbira. Kupinimbira kumakhudzanso ubongo, cifukwa ubongo umakula mofulumira kwambiri m'zaka zoyambirira. Caka ca sukulu cimayamba mu Januwale, nthawi yomwe nkhokwe zambiri zili zopepuka, ndipo cilala ca 2024 cinatikumbutsa mmene njala imatulutsira ana m'kalasi. Pogulitsa zokolola tisagulitse nshawa ndi soya zonse. Phala lotendera m'mawa, kapena kandolo wophika, limasiyanitsa mwana womvetsera ndi mwana woodzera. Ngakhale kusukulu kumene kumaphikidwa cakudya, mwana asacoke pakhomo wopanda kanthu m'mimba.

Kadi la ku sikelo lisataike mwana akangosiya kuyamwa. Mpaka zaka zisanu azipita kukalandira vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo azigona m'neti. Ngati khutu likutuluka mafinya, kapena mwana sayankha mukamuitana ali cotembenuka, kapena amatsinzinira poyang'ana patali, pitani naye ku kiliniki ndipo muuze mphunzitsi kuti amukhazike kutsogolo. Ana ena amachedwa mbuli pamene vuto ndi kusamva cabe.

Za kujomba tinene mosabisa. Mu Giredi 1 maphunziro amamangidwa ngati njerwa: cilembo ca lero cimakhala pa cilembo ca dzulo. Mwana amene wajomba milungu iwiri cifukwa ca kupalira, kuweta ng'ombe kapena kulera mwana amapeza anzake apita kutali, ndipo nthawi zambiri safikanso pamene ali. Mwambo wopereka mnyamata kukaweta ng'ombe zaka zingapo kuti adzalandire ng'ombe yake ukalipo m'madera ena a kuno Kum'mawa. Mnyamata wotere amalowa Giredi 1 ali wamkulu, amacita manyazi kukhala pakati pa tiana, ndipo posacedwa amasiya. Ng'ombe imodziyo imamudyera zambiri.

Tikamuona mwana akulephera, mkwapulo si mankhwala. Lamulo la maphunziro la 2011 limaletsa kumenya ana kusukulu, ndipo pakhomo mantha sathandiza kuwerenga. Mwana woopa amangoloweza kapena kubisa kope lake. Tiziona kope tsiku lililonse, ngakhale ife osadziwa kuwerenga, ndi kunena kuti tandiuza, ici ndi ciani. Mwana akamaphunzitsa kholo lake mau a Cizungu amene wamva lero, amawabwereza, ndipo amaona kuti nchito yake ndi yolemekezeka. Imeneyi si nchito ya amai okha. Atate nao akhale pansi ndi kope.

Mpingo ndi mudzi

Masukulu oyamba m'dera lino anabwera ndi mipingo, monga misyoni ya ku Magwero pafupi ndi Chipata imene inayamba mu 1899, ndipo makolo athu ambiri anaphunzira kuwerenga m'Cinyanja m'timasukulu ta m'midzi. Lero machalichi ambiri amakhala otseka kuyambira Lolemba mpaka Lacisanu, pamene mwana wa zaka 4 sangathe kuyenda mtunda wautali kapena kuoloka mtsinje wodzaza kupita ku nasale ya pa sukulu ya boma. Akulu a mpingo, anyakwawa ndi ahedi akhoza kukhala pansi ndi kuona ngati nyumba ya mapemphero ingakhale malo a ana aang'ono m'mawa, motsogozedwa ndi ofesi ya maphunziro ya m'boma lao. M'mipingo muli aphunzitsi opuma pa nchito ndi acinyamata amene anatsiriza sukulu. Pambuyo pa mapemphero a Sabata, theka la ola lowerengera ana nkhani m'Cinyanja likhoza kukhala buku lokhalo limene mwana wina wamva mlungu wonse. Ana amasiye ndi oleredwa ndi agogo okalamba tiwaike patsogolo, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pomaliza, tisadikire kuitanidwa cifukwa ca mlandu kuti tikaonekere kusukulu. Temu iliyonse tipiteko kamodzi ndi kufunsa mphunzitsi mafunso atatu: mwana wanga amalankhula m'kalasi kodi, ndi zilembo ziti zimene wazidziwa, nanga ife kunyumba tithandize pati. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo alimi tikudziwa kuti cimanga cimene cacedwa kupaliridwa mu Januwale sicibereka bwino ngakhale ticithire feteleza wambiri mu Malici. Mwana wa zaka 6 ali mu Januwale wake.