Ndodo, mthunzi ndi foni imodzi: ana a pulayimale angathe kuyeza dziko lapansi

Kodi mng'ono wanu wa Sitandade 6 atakufunsani kuti, “Mukuti dziko ndi lobulungira, umboni wake uli pati?” mungamuyankhe bwanji? Ambirife timangoti, “Zinalembedwa m'buku, iwe ungoloweza.” Mwanayo amalowezadi, mayeso n'kukhoza, koma mumtima amakhala akukayikabe. Simungamunene, chifukwa akayang'ana bwalo la sukulu amaona lili see, lathyathyathya.

Umboniwo ulipo, ndipo mwana angathe kuupeza ndi manja ake. Chofunika ndi ndodo, rula, foni ya aphunzitsi ndi tsamba la pa intaneti loikapo zithunzi.

Masamba oterewa mukuwadziwa. Flickr ndi Wikimedia Commons anayamba mu 2004, Instagram ndi Pinterest mu 2010. Ambiri timawatenga ngati koonetsera zovala ndi maukwati basi. Koma ntchito yake yeniyeni ndi yakuti munthu amene ali kuno aone zimene waona mnzake amene ali kutali, tsiku lomwelo. Pa sayansi chimenechi n'chuma, pakuti pali mafunso ena amene sungawayankhe utaima pamalo amodzi. Kukula kwa dziko ndi limodzi mwa mafunso amenewo.

Tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 2,200. Ku Egypt kunali katswiri wina wachigiriki, Eratosthenes, amene ankayang'anira nyumba yaikulu ya mabuku mumzinda wa Alexandria. Iye ankadziwa kuti ku Syene, kumene lero timati Aswan, pali tsiku lina pa chaka pamene dzuwa limafika paliwombo penipeni, moti chinthu choima chilili sichikhala ndi mthunzi. Koma tsiku lomwelo ku Alexandria, kumpoto kwake, mthunzi unkaoneka, ndipo unkasonyeza kuti kuwala kwa dzuwa kwapendekeka ndi madigiri pafupifupi 7.2. Dzuwa lili kutali kwambiri, moti kuwala kwake kumafika m'mizere yosakumana. Nanga n'chifukwa chiyani mithunzi ikusiyana? Yankho lake n'lakuti nthakayo ndi imene yapindika. Madigiri 7.2 ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a madigiri 360. Choncho iye anatenga mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo, n'kuchulukitsa ndi 50, n'kupeza utali wozungulira dziko lonse.

Mwayi wathu ndi wakuti Malawi ndi dziko lalitali kuchoka kumpoto kupita kumwera. Karonga ali pa madigiri pafupifupi 10 kumwera kwa ikweta, Nsanje ali pa madigiri pafupifupi 17. Kusiyana kwake ndi madigiri 7, pafupifupi ndendende ndi kwa Eratosthenes uja.

Ndiye tiyerekeze makalasi awiri a Sitandade 6, ina ku Karonga, ina ku Nsanje. Aphunzitsi awo agwirizana tsiku la 23 Seputembala, nthawi imene dzuwa limadutsa pamwamba pa ikweta, komanso kumwamba nthawi zambiri kumakhala kopanda mitambo. Kalasi iliyonse izike ndodo pamalo osalala, yotsala kunja ikhale mita imodzi. Kuti aone ngati yaima chilili, amange kamwala ku chingwe n'kulendeweretsa m'mbali mwake. Kuyambira 11 koloko, ana aziika chizindikiro pa nsonga ya mthunzi mphindi zisanu zilizonse. Mthunzi uzifupika, uzifupika, kenako uyambanso kutalika. Waufupi kwambiriwo ndi umene tikuufuna. Musadikire 12 koloko ayi. Wotchi yathu imatsata mzere wa madigiri 30 kum'mawa, pamene Malawi ali kum'mawa kwa mzerewo, ndiye m'mwezi umenewu dzuwa limafika pachimake cha m'ma 11:30 kapena kupitirira pang'ono. Apa m'pamene ana amaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ku Karonga mthunziwo ukhala pafupifupi masentimita 17, ku Nsanje pafupifupi masentimita 30, yonse yoloza kumwera. Aphunzitsi agoneke rula m'mbali mwa mthunzi, ajambule, n'kuika chithunzicho pa tsamba limene makalasi onse awiri akuliona. Mwana wa ku Nsanje akaona chithunzi cha ku Karonga, funso limabwera lokha: “Ndodo n'zofanana, tsiku n'limodzi, dzuwa n'lomweli. Bwanji wawo wafupika?” Funso limeneli likachokera mwa mwana, theka la phunziro latha kale.

Masamu ake si oopsa. Inu a Fomu 3 ndi 4 mugwiritsa ntchito tan: 0.17 akupatsani madigiri pafupifupi 10, ndipo 0.30 akupatsani pafupifupi 17. Ana a pulayimale angojambula ndodo ndi mthunzi papepala, masentimita 10 ndi 1.7 kapena 10 ndi 3, n'kuyeza ndi protractor. Kusiyana ndi madigiri 7. Gawani 360 ndi 7, mupeza 51 ndi kanthu. Pa mapu, kuchoka pa mzere wa Karonga kutsika molunjika kumwera kufika pa mzere wa Nsanje ndi makilomita pafupifupi 780. Chulukitsani, mupeza makilomita pafupifupi 40,000. Utali weniweni wozungulira dziko ndi womwewo, pafupifupi 40,000. Eti ana a Sitandade 6, ndi ndodo yokha!

Mwina wina afunsa kuti, bwanji osangotumizirana manambala pa meseji? Chifukwa nambala imafuna kuti ungoikhulupirira, pamene chithunzi ungathe kuchifunsa mafunso. Kodi ndodoyo yaimadi chilili? Kodi rula yayambira pa tsinde? Kodi pansipo si potsetsereka? Mukalakwitsa mthunzi ndi sentimita imodzi yokha, madigiri amasintha ndi theka, ndipo yankho lanu limasokonekera ndi makilomita pafupifupi 3,000. Ana akamaunikirana zithunzi n'kumatsutsana mwaulemu, akuchita zimene asayansi amachita: kuonetsa umboni poyera kuti ena aupime. Ndipo makalasi akachuluka, wina ku Mzuzu, wina ku Dedza, cholakwika cha kalasi imodzi chimaonekera msanga pakati pa zithunzi za anzawo.

Koma chida chilichonse chakuthwa chimacheka ndi mwini yemwe. Masamba ambiri oterewa salola mwana wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti, ndipo ana ambiri a pulayimale ali pansi pa msinkhu umenewo. Choncho akaunti ikhale ya aphunzitsi, foni igwidwe ndi aphunzitsi, ndipo zithunzi ziikidwe pa gulu lotseka, loti aziona okhawo oitanidwa. Chachiwiri, jambulani ndodo, mthunzi ndi rula, osati nkhope za ana, mayina awo kapena baji ya yunifolomu. Chithunzi chikapita pa intaneti, wina akhoza kuchikopera, ndipo simungachibwezenso. Chachitatu, foni imabisa zinthu zina m'kati mwa chithunzi: tsiku, nthawi, ndipo nthawi zina malo enieni amene munaima. Nthawiyo ndi yothandiza pa kafukufuku wathu, koma malowo angalondolere munthu wachilendo pakhomo la kalasi. Zimitsani zosonyeza malo pa kamera musanajambule, mungolemba dzina la boma.

Za bandulo musade nkhawa kwambiri. Ntchito yonseyi imafuna zithunzi ziwiri kapena zitatu, ndipo foni imodzi ingathe kuyendayenda m'magulu ngakhale kalasi ili yodzaza.

Nanga inuyo mbali yanu ndi iti? Ambiri muli ndi achibale kapena anzanu m'maboma akutali. Yesani kaye nokha Loweruka lina, wina kumpoto wina kumwera. Pakati pa Epulo ndi Seputembala tsiku lililonse lowala bwino litheka, bola nonse muyeze mthunzi waufupi kwambiri tsiku limodzi. Manambala a mithunzi adzasiyana ndi amene ndalembawa, koma kusiyana kwa madigiri pakati pa malo awiriwo sikusintha. Zikatheka, tengani zithunzizo ndi masamu ake, mukaonetse aphunzitsi a ku pulayimale kumene munachokera. Ndipo mng'ono wanu uja mupite naye, akagwire ndodo ndi iyeyo.